Tileke kugula ma watts a pa katoni

Aliyense amene anayendapo m'mashopu a zamalaiti mu Lusaka anaionapo katoni ija. Ikulu, yonyezimila, ndipo pakona pali nambala yofiila: 5000W PMPO. Wogulitsa akweza volyumu, magalasi a shopu anjenjemela, ise mtima wagwa pomwepo. Titulutsa ndalama za cilimba zimene tinayembekezela miyezi isanu. Pakapita miyezi iwili, sipika imodzi iyamba kulila monga nchenche m'botolo, amplifaya itentha monga mbaula, ndipo tiinyamula pa minibasi kupita kwa okonza uku tikamba kuti tili na tsoka. Tsoka lacokela kuti? Tinalipila nambala ya pa katoni, ndipo nambala ija ni bodza limene tingaligwile tokha tikacita masamu a ku pulaimale.

Malaiti a m'nyumba zathu ni 230 volts. Pulagi ya mano atatu imene timagwilitsila nchito ili na fyuzi imene siipitilila 13 amps. Tikaculukitsa 230 na 13 tipeza 2,990 watts. Apa m'pamene pathela mphamvu zonse zimene pulagi imodzi ingapeleke fyuzi isanapse. Manje kabokosi kamene mwana wa Grade 3 anganyamule na dzanja limodzi katulutsa bwanji 5,000? Ketulo imadya pafupifupi 2,000 watts, ndipo timaona mmene imawilitsila madzi. Tembenuzani amplifaya, yang'anani kumbuyo pamene pacokela nthambo ya malaiti. Pali kapepala kokamba mphamvu zimene imadya, ndipo pa tumakina twa PMPO kambili mudzapeza 60W kapena 100W. Makina sangatulutse mphamvu zoposa zimene adya.

PMPO ilibe lamulo la kapimidwe. Fakitale iliyonse imalemba zimene ifuna. Nambala yothandiza ni RMS, imene ikamba mphamvu zimene amplifaya ingapeleke mosalekeza popanda kuononga mau. Bodza limeneli ni lakale. Ku America linafika poipa cakuti mu 1974 bungwe la Federal Trade Commission linaika lamulo lakuti ogulitsa azilemba mphamvu zopitiliza. Papita zaka zoposa 50, koma ise tikali kuombela m'manja cikomekome ca mkuyu.

Ngakhale RMS ifunika kuifunsa mafunso. Makina a home theatre amene amacedwa AV receiver amayendetsa masipika asanu kapena asanu na awili pa nthawi imodzi. Kampani ingalembe kuti 150W, koma pansi pa tuzilembo tung'ono yakamba kuti inapima na sipika imodzi cabe, pa kamvekedwe kamodzi ka 1 kHz. Nambala yoona ni ija yopimidwa na masipika osacepela awili, kucokela pa 20 Hz kufika pa 20 kHz, pa 8 ohms. Nambala imeneyo imakhala yocepa, ndipo ndiye imene mudzamva m'nyumba.

Cina cimene tifunika kucotsa m'mutu ni cakuti ma watts ambili ndiye phokoso lalikulu. Mukacoka pa 50W kupita pa 100W, mau amakwela na 3 dB cabe, kusiyana kumene khutu limamva pang'ono. Kuti mau amveke monga awilikiza kawili, pafunika 10 dB, kutanthauza mphamvu zoculuka ka 10. Sipika nayo ili na nambala yake yochedwa sensitivity, yoonetsa mmene imalilila ikapatsidwa watt imodzi, munthu ataima pa mita imodzi. Sipika ya 90 dB imafuna hafu ya mphamvu zimene sipika ya 87 dB ifuna kuti zimveke mofanana. Sipika ya 88 dB ikalandila 10 watts yafika kale pa 98 dB. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti wamkulu asamamvetsele mau a 80 dB kupitilila maola 40 pa wiki, ndipo mau akakwela, maola amenewo amacepa msanga. M'cipinda ca lendi ca mamita 3 na 4, amplifaya ya 50W kapena 80W RMS pa sipika iliyonse ni yokwana kuti a landilodi agogode pa citseko.

N'cifukwa cake tikamba kuti kugula amplifaya usanadziwe masipika ako ni kugula mbeleko mwana asanabadwe. Yambani na masipika. Kumbuyo kwake kwalembedwa 8 ohms, 6 ohms kapena 4 ohms. Nambala ikacepa, sipika imakoka magetsi ambili, ndipo amplifaya imagwila nchito yolemelapo. Kumbuyo kwa amplifaya nakonso kwalembedwa nambala yotsikitsitsa imene ingapilile. Apa m'pamene ambili a ise timaphela makina athu. Mnzathu watipatsa masipika awili, ise timanga nthambo zake pamalo amodzi na aja akale. Masipika awili a 8 ohms omangidwa conco amakhala 4 ohms. Anayi amakhala 2 ohms. Amplifaya yopangidwila 6 ohms idzatentha, idzazima yokha ngati ili na citetezo, ndipo ngati ilibe mudzamva fungo.

Ambili timaopa kuti amplifaya ikulu idzang'amba sipika. Zimacitika ukacita nayo masewela. Koma amplifaya yaing'ono imene yakwezedwa mpaka kumapeto nayonso imapha. Ikalephela kupeleka zimene volyumu ifuna, imadula mafunde a mau, cinthu cimene akatswili amati clipping. Mau amayamba kukanda m'makutu, ndipo kasipika kang'ono ka mau oonda, tweeter, kamatentha mpaka kupsa. Mukamva mau ayamba kusweka, bwezani volyumu. Sipika ikukambitsani, ndipo siidzakamba kawili.

Besi imene timaikonda ndiye imadya mphamvu zambili. Mu 5.1, kaja ka 1 ni subwoofer, ndipo yabwino ni imene ili na amplifaya yakeyake mkati. Mukaika crossover pa 80 Hz, mau onse olemela amapita ku subwoofer, receiver imapuma, ndipo sipika ya pakati, imene imanyamula mau a anthu okamba mu filimu, imamveka bwino. Kodi si kangati taonelela filimu mabomba agwedeza mbale m'kabati, koma zimene akamba anthu sitimva? Ma watts a pa katoni sangakonze zimenezo.

Tidziwa zimene ena adzakamba: "Imwe mukamba za Yamaha na Denon, ise ndalama tilibe." N'zoona, ndalama ni yovuta, ndipo ndiye cifukwa cake sitifunika kuitaya kawili. Palibe lamulo lakuti ugule masipika asanu na limodzi tsiku limodzi. Amplifaya yoona ya masipika awili, na masipika awili abwino, idzakupatsa mau oyela kuposa tumabokosi tusanu twa pulasitiki. Subwoofer ibwele cilimba cotsatila. Receiver yogwilapo kale nchito nayo ni njila yabwino, malinga muwelenge ma volts. Yopangidwila ku Japan imafuna 100 volts, ya ku America 120 volts. Mukailowetsa mu soketi yathu ya 230 popanda transformer, mwaiika m'manda. Ya ku UK kapena ku South Africa imagwilizana na malaiti athu. Onaninso ngati ili na HDMI ARC kapena optical kuti ilumikizike na TV yanu.

Kwa amene timadalila inverter na sola malaiti akayenda, amplifaya ya Class D ni bwenzi, cifukwa pafupifupi 90 pelesenti ya mphamvu zimene imadya zimafika ku masipika, pamene ya Class AB imataya zambili monga kutentha. Iliyonse imene mwagula, ipatseni mpata wopuma. Kuika decoder pamwamba pake na kuiphimba na kansalu ka maluwa ni kuitsamwitsa. Malaiti akayenda, izuleni ku soketi, cifukwa pobwela nthawi zina amabwela na ukali.

Ogulitsa amaika nambala zija cifukwa ise timazikonda. Tsiku limene tidzayamba kulowa m'shopu na mafunso atatu, RMS ni ingati, pa ma ohms angati, na masipika angati olila pamodzi, katundu wa pa shelefu adzasintha. Wogulitsa akakuonetsani katoni, mupempheni atembenuze makina muone kumbuyo. Akakana, ndalama zanu zibwelele m'thumba, shopu ina ili pafupi.