Zipinda Zosungiramo Katundu: Pangano la Mwezi Kapena la Chaka?

M'mizinda ikuluikulu ya ku America, Britain ndi South Africa muli malonda amene anthu ambiri a ku Malawi sadawazolowere. Kampani imamanga chinyumba chachikulu nkuchigawa m'tizipinda tambirimbiri, kalikonse ndi chitseko chake chachitsulo. Munthu amene katundu wamuchulukira amabwereka kachipinda kamodzi, nalongamo mipando, mabuku kapena katundu wa malonda, natseka ndi loko yake, kiyi nkupita nayo. Pa Chingerezi malondawa amatchedwa self storage. Imeneyi ndi nkhokwe ya m'tauni, koma imasiyana ndi ya kumudzi pa chinthu chimodzi: imadya ndalama mwezi ndi mwezi. Chotero wobwereka aliyense amakumana ndi funso pa tsiku loyamba lomwe. Kodi alembe pangano lolipira mwezi umodziumodzi, kapena adzimange kwa miyezi 6, chaka chathunthu, ngakhale kupitirira apo?

Malondawa adakulira ku America. M'zaka za m'ma 1960 zipinda zotere zidayamba kumangidwa ku Texas, makamaka m'tauni ya Odessa, kumene anthu ogwira ntchito ya mafuta ankasowa posunga zipangizo zawo. M'chaka cha 1972 B. Wayne Hughes ndi Kenneth Volk adayambitsa kampani ya Public Storage ku California, ndipo lero dziko la America lili ndi malo otere oposa 50,000. Ku Britain makampani a Big Yellow ndi Safestore adayamba m'chaka cha 1998. Ku South Africa kampani ya Stor-Age idalowa pa msika wa masheya wa ku Johannesburg mu 2015, ndipo mu 2017 idagula kampani ya Storage King ya ku Britain. Mu 2023 kampani ya Extra Space Storage idameza inzake ya Life Storage ku America. Zonsezi zikusonyeza kuti wobwereka kachipinda kawirikawiri amachita pangano ndi kampani yaikulu, yokhala ndi akatswiri owerengetsa mitengo tsiku ndi tsiku, pamene iye amabwera ali pa changu ndipo galimoto ya katundu ikudikira panja.

Changucho chili ndi chifukwa chake. Anthu amafuna zipinda zimenezi pa nthawi imene moyo wawo wagwedezeka: pamene akusamuka nyumba, banja likatha, mwini katundu akamwalira, ntchito ikatha, kapena ophunzira a ku yunivesite akauzidwa kutuluka m'zipinda zawo pa tchuthi. Munthu wotere amaganiza kuti vutolo ndi la masabata owerengeka, ndipo amasankha pangano la mwezi.

Ubwino wa pangano la mwezi ndi woonekeratu. Wobwereka akhoza kutulutsa katundu wake nthawi iliyonse, atangopereka chidziwitso cha masiku ochepa, popanda chindapusa. Makampani ambiri amakometseranso panganoli ndi mitengo yokopa: ku America ena amalengeza mwezi woyamba pa dola imodzi yokha, ndipo ku Britain ena amadula mtengo pakati kwa masabata 8 oyamba. Koma chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Ufulu umene wobwereka ali nawo wochoka mwezi uliwonse, kampani nayonso ili nawo wokweza lendi, bola ipereke chidziwitso, chimene kawirikawiri chimakhala cha masiku 30. Kampani imadziwa kuti munthu amene walonga kale katundu wake sachoka msanga, pakuti kusamuka kumafuna galimoto ina, onyamula ena ndi tsiku lathunthu lojomba ku ntchito. Ambiri amangodandaula nkulipira.

M'zaka zaposachedwapa nkhani imeneyi yakula ku America. Mliri wa Covid-19 utabuka mu 2020, anthu ambiri adasamuka ndipo ena adasandutsa zipinda za m'nyumba zawo kukhala maofesi, kotero zipinda zosungiramo katundu zidadzaza ndipo mitengo idakwera. Kuyambira mu 2022 banki yaikulu ya dzikolo idayamba kukweza chiwongoladzanja, malonda a nyumba adachepa, ndipo osamuka adachepanso. Makampani adatsitsa mitengo yokopera obwereka atsopano, koma adapitiriza kukweza lendi ya amene adali kale mkati. Zotsatira zake nzakuti anthu awiri okhala ndi zipinda zofanana, zoyandikana khoma limodzi, akhoza kumalipira mitengo yosiyana kwambiri, ndipo wolipira zambiri ndi amene wakhalitsa. Malamulo oletsa kukweza mitengo alipo pa nthawi za ngozi zokha. Mwachitsanzo, moto utawononga nyumba zikwizikwi ku Los Angeles mu Januwale 2025, lidagwira ntchito lamulo la ku California loletsa kukweza mitengo ndi zoposa 10 peresenti pa nthawi ya ngozi, ndipo lamulolo limakhudzanso osunga katundu. Pa masiku wamba chitetezo cha wobwereka ndi mawu a m'pangano lake basi.

Pangano lalitali limathetsa vuto limeneli, koma limabweretsa lina. Wobwereka akalonjeza kukhala miyezi 6 kapena 12, kapena akalipiriratu nthawi yonseyo, makampani ambiri amamuchotserako mtengo, ndipo ena amalonjeza kusakweza lendi kufikira panganolo litatha. Munthu amadziwa ndalama zimene adzawononge, nakonza bajeti yake mtima uli m'malo. Koma walira mvula walira matope. Akapeza nyumba pa mwezi wachitatu, ndalama zimene adalipiriratu mwina sizibwezedwa, kapena zimabwezedwa atachotsapo kuchotsera kuja. Apa malamulo a maiko amasiyana. Ku South Africa lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act la 2008, m'gawo 14, limanena kuti pangano la nthawi yoikika lisapitirire miyezi 24 pokhapokha wogula atavomera ndipo akupindulapo, komanso kuti munthu akhoza kulithetsa popereka chidziwitso cha masiku 20 ogwira ntchito, ngakhale kampani ili ndi ufulu womulipiritsa chindapusa choyenera. Gawo limeneli siligwira ntchito pa mapangano a pakati pa makampani okhaokha, motero wamalonda wobwereka m'dzina la kampani yake asalidalire.

Njira yosavuta yosankhira ndiyo kutenga cholembera. Mwachitsanzo, chipinda chikhale cha R1,000 pa mwezi pa pangano lalifupi, ndipo cha R900 pa pangano la chaka. Wa pangano la chaka adzalipira R10,800. Wa pangano la mwezi akatuluka patatha miyezi 4 walipira R4,000 yokha, ndipo wapambana kutali. Akakhala miyezi 11 walipira R11,000, ndiye kuti wapitirira mnzake uja ngakhale lendi isadakwezedwe nkomwe. Masamuwa akusonyeza kuti kuchotsera kwa pangano lalitali kumapindulira yekhayo amene adzakhaledi pafupifupi nthawi yonseyo. Palinso masamu ena amene ambiri amawaiwala, oyerekeza lendi ndi mtengo wa katunduyo. Ngati mipando, bedi ndi firiji zonse pamodzi zingagulidwenso ndi R15,000, lendi ya R1,000 idzakhala itazidya zonse pofika mwezi wa 15. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mtolo umenewu amasenza ndi wobwereka.

Mtengo wolengezedwa suli wonse. Makampani ena a ku Britain amalipiritsa pa masabata 4 aliwonse, ndipo chaka chili ndi nthawi zotere 13, kotero lendi ya £100 imakwana £1,300 pa chaka, osati £1,200. Kuyambira mu Okutobala 2012 lendi ya zipinda zimenezi m'dzikolo imalipiridwanso msonkho wa VAT wa 20 peresenti. Makampani ambiri amafunanso kuti katundu akhale ndi inshuwaransi, popeza m'pangano amalemba kuti katunduyo ali m'manja mwa mwini wake, ndipo moto, madzi kapena mbava zikawononga, kampani siibweza zonse. Pamwamba pa izi pamakhala mtengo wa loko, ndalama ya chikole ndi chindapusa cha kuchedwa kulipira.

Choopsa chachikulu chimadza munthu akalephera kulipira. Kampani imayamba ndi kutseka chipindacho ndi loko yake, kuti mwini katundu asalowe. Ngongole ikapitirira, malamulo a zigawo za ku America amalola kampani kugulitsa katunduyo pa okushoni itapereka chidziwitso, ndipo pulogalamu ya pa wailesi yakanema ya Storage Wars, imene idayamba mu 2010, idatchuka poonetsa malonda oterewa. Ku Britain nawonso mapangano amapatsa kampani mphamvu yofananayo. Oonera amasangalala ndi mwayi wa ogula, koma m'chipinda chilichonse chogulitsidwa mumakhala zithunzi za banja, makalata ndi masatifiketi a munthu wina. Nchifukwa chake ziphaso, mapepala a sukulu ndi zikalata za malo siziyenera kulowa m'chipinda chotere, pangano likhale lalifupi kapena lalitali.

Nkhaniyi ikukhudza Amalawi ogwira ntchito ndi ophunzira ku Johannesburg, Cape Town, London ndi mizinda ina. Munthu wobwerera kumudzi akhoza kusiya katundu wake m'chipinda cha lendi, akuyembekeza kudzamutenga kapena kudzamutumiza pa lole. Koma akafika ku Malawi ndalama amapeza m'makwacha, pamene lendi ikufunika m'marandi kapena m'mapaundi. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo aliyense amene ankalipira ngongole yakunja ndi makwacha adaona mtolo wake ukulemera mwadzidzidzi. Wokhala kutali sangathenso kusamutsa katundu lendi ikakwera, ndipo kalata yochenjeza ikhoza kupita ku keyala yakale. Kwa munthu wotere, ngati ulendo wake uli ndi tsiku lodziwika lobwerera, kulipiriratu nthawi yonseyo ndi ndalama za komweko asadanyamuke ndi nzeru. Ngati tsikulo silikudziwika, kugulitsa katunduyo kapena kumutumiza kumudzi nthawi yomweyo kumapulumutsa ndalama zambiri.

Nthawi nayonso imawononga katundu. Kwa mwezi umodzi kapena iwiri pafupifupi chilichonse chimapirira. Pakatha chaka chinyontho chimachititsa nkhungu m'matilesi ndi m'mabuku, mabatire amatayikira m'zipangizo, ndipo firiji yotsekedwa isadaume imanunkha. Makompyuta ndi mawailesi akanema amatsika mtengo ali chikhalire m'bokosi. Wosunga kwa nthawi yaitali ayenera kusankha chipinda chouma, kuika katundu pa matabwa kuti asakhudze simenti, ndi kumakayenderako. Zakudya, petulo ndi zinthu zoyaka msanga nzoletsedwa m'zipinda zotere.

Tsono pangano la mwezi limayenera wophunzira wosunga mabuku pa tchuthi, banja lodikira kuti nyumba yatsopano ipentedwe, ndi aliyense amene tsiku lake lotuluka lili pafupi. Pangano lalitali limayenera mphunzitsi wopita ku maphunziro a chaka chimodzi, kapena wamalonda amene chipindacho ndi mosungira katundu wake wa tsiku ndi tsiku, malinga kampani ilembe kuti mtengo sudzasintha. Wotaya ndalama koposa onse ndi uja wolowa ndi pangano la mwezi popanda tsiku lotulukira, amene amalipira mtengo wokwera wa nthawi yaifupi kwa zaka ziwiri kapena zitatu. Safunsa adadya phula. Asadasaine, wobwereka afunse kuti mtengo wokopawo udzatha liti, lendi ingakwezedwe kangati pa chaka, chidziwitso chotulukira ndi cha masiku angati, ndalama zolipiriratu zimabwezedwa motani, ndiponso kuti pakatha masiku angati a ngongole katundu angagulitsidwe. Mayankho onsewa alembedwe m'pangano, ndipo tsiku lodzatulutsa katundu alilembe yekha pa kalendala loko isadatsekedwe.