Dzina loipa pa ngongole silitsukidwa ndi katapila

Msuweni wanga wa ku Njube, kuno ku Bulawayo, anabwera kwathu mwezi watha atakwiya. Iye ndi telala. Zaka zingapo zapitazo anatenga mipando ndi firiji pa ngongole, kenaka fakitale ya ku Belmont kumene ankagwira ntchito inachepetsa antchito, ndipo analephera kumaliza kulipira. Tsopano akufuna makina osokera amphamvu kuti azisoka mayunifolomu a sukulu. Ku banki anam'bweza chifukwa dzina lake likuoneka pakati pa olephera kubweza ngongole. Ku SACCO ina sanam'kane, koma anamuuza kuti ayambe wagula masheya, asunge ndalama mwezi ndi mwezi kwa miyezi 6, abwere ndi mamembala awiri omuimira, ndipo ngongole yoyamba idzakhala yaing'ono. Iye akuti kumeneko n'kunyoza munthu wamkulu. Ine ndikuti a SACCO anam'chitira zabwino, ngakhale nawonso ali ndi pofunika kukonza.

Tiyambe tavomereza kuti masiku othawa ngongole pongosamukira ku Pumula kapena ku Luveve anatha. Kuyambira mu 2017, Reserve Bank of Zimbabwe ili ndi kaundula wa anthu okongola, ndipo palinso mabungwe ena osakhala a boma monga Financial Clearing Bureau. Ku Malawi nakonso lamulo la Credit Reference Bureau Act lilipo kuyambira mu 2010. Dzina la munthu limafika kwa wokongoza mwini wake asanagogode n'komwe. Choncho poyambira penipeni ndi kwa amene unam'kongola kale: kukakambirana naye, kulipira pang'onopang'ono, ndipo ukamaliza utenge kalata yotsimikizira kuti ngongole yatha ndi kuonetsetsa kuti kaundula wakonzedwa.

Nanga n'chifukwa chiyani SACCO imadikiritsa munthu? Ndalama zimene imakongoza n'za mamembala anzako: mayi wogulitsa tomato ku Makokoba, mphunzitsi wa ku Mzilikazi, dalaivala wa kombi. Mmodzi akalephera kubweza, dzenjelo limaoneka m'thumba la onsewa. Mfundo imeneyi njakale. Friedrich Raiffeisen anaimangira mabungwe a alimi ku Germany m'zaka za m'ma 1860, inafika ku Jirapa m'dziko la Ghana mu 1955, ndipo ku Malawi bungwe la MUSCCO lakhala likuyendetsa ntchitoyi kuyambira mu 1980. Konseku chikole chachikulu ndi khalidwe lodziwika kwa anzako. Miyezi 6 yosunga ija ndi mpata woti msuweni wanga alembe mbiri yatsopano ndi manja ake, pamaso pa anthu amene akumuona. Banki inangowerenga zakale n'kutseka chitseko, pomwe SACCO yam'patsa njira yosonyezera kuti wasintha.

Kwa ife ana ndi zidzukulu za matchona, izi si zachilendo. Agogo athu amene anabwera kuno wapansi kapena kudzera ku Mthandizi, kudzagwira ntchito pa njanji, m'migodi ndi m'mafakitale, anakhazikitsa mabungwe a maliro chifukwa munthu sankafuna kuikidwa ngati wopanda abale m'dziko la eni. Bungwe lililonse linali ndi buku lake. Wolowa kumene ankadikira asanayambe kulandira thandizo, ndipo wosiya kusonkha ankayamba wabweza zotsalira. Palibe ankati akunyozedwa. Ankadziwa kuti mutu umodzi susenza denga, ndiponso kuti wosenza nawo ayenera kudziwika kuti sathawa mtolo ukalemera.

Pali chodandaula chimodzi cha msuweni wanga chimene sindingachipeputse. Iye akuti: ndisunge bwanji ndalama m'dziko lino? Akunena zoona. Mu 2008 ndalama zimene makolo athu anasunga moyo wawo wonse zinasanduka mapepala, mpaka boma linasindikiza ndalama imodzi ya madola 100 thiriliyoni. Mu February 2019 ndalama za m'mabanki zimene anthu ankaziyesa madola a ku America zinasandutsidwa RTGS. ZiG inabwera mu April 2024, ndipo pofika September chaka chomwecho mphamvu yake inatsitsidwa ndi maperesenti oposa 40. Munthu amene anapsa katatu ali ndi ufulu wofunsa mafunso asanaike dola lake paliponse. Afunse ngati SACCO inalembetsedwa motsata Co-operative Societies Act, ndipo aone chiphaso chake ndi maso. Afunse ngati madola amene asunge adzabwezedwa ali madola, ndipo zimenezo zilembedwe. Aone ngati mabuku amawerengedwa ndi akatswiri akunja kwa bungwelo, komanso ngati msonkhano wa pachaka umachitikadi. SACCO yopsa mtima ndi mafunso otere siyoyenera kuikhulupirira.

Kwa atsogoleri a mabungwewa ndili ndi mawu awiri. Choyamba, siyanitsani munthu amene anagwa chifukwa fakitale inam'chotsa ntchito ndi amene anatenga katundu n'kuthawa dala. Bulawayo yadzaza ndi anthu a mtundu woyambawo. Chachiwiri, kumbukirani kuti lamulo la unzika la mu 2001 linasiya anthu athu ambiri ndi ziphaso zolembedwa kuti ndi alendo, ndipo ngakhale malamulo aakulu a mu 2013 anabwezera unzika kwa obadwira kuno amene makolo awo anachokera m'maiko a SADC, okalamba ena mapepala awo sanalongosokebe. Munthu wotere akabwera ndi buku la bungwe la maliro losonyeza zaka 10 asanaphonye mwezi, bukulo liwerengedwe ngati umboni.

Njira ina imene yatsala tonse tikuidziwa. Ku Malawi timati katapila, ku Zambia kaloba, kuno chimbadzo. Iye safunsa za mbiri yako, amakupatsa ndalama lero lomwe, n'kusunga chiphaso chako kapena khadi lako la ku banki. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ngakhale um'bwezere zonse mokhulupirika, dzina lako silikonzeka kulikonse, chifukwa katapila salemba zabwino za munthu m'kaundula aliyense. Ukalephera, makina omwewo amene unagula ndiwo amayamba kunyamulidwa.

Msuweni wanga mayunifolomu a January uno am'pita, ndipo zimenezo n'zowawa chifukwa ndiyo nyengo imene matelala amapezako bwino. Koma sabata yatha anapita kusitolo ya mipando ija kukagwirizana za kalipiridwe, ndipo wasunga mwezi wake woyamba ku SACCO. Wandipempha kuti ndikhale mmodzi mwa omuimira. Ndamuuza kuti ndidzasaina akandionetsa malisiti a miyezi yonse 6, chifukwa akadzalephera, ndalama zodulidwa zidzakhala zanga.