1958 imeneyi ndi ya ndani?

Sabata yatha ndinangodzuka n'kupeza ndaponyedwa m'gulupu ya WhatsApp popanda kufunsidwa, monga zimakhalira masiku ano. Msuweni wanga akukwanitsa zaka 30 mwezi wamawa, ndiye anzake a ku ofesi agwirizana zomukonzera phwando m'tauni. Mutu wake: "Retro 50s & 60s". Akazi abwere ndi madiresi a madonthomadontho otambalala m'munsi, amuna mathalauza a malamba a m'mapewa ndi chipewa chopendekeka. Mpaka pamenepo ndinalibe nazo vuto. Makolo athu anakhala zaka 20, kuyambira 1973 mpaka 1993, lamulo likuwayeza kutalika kwa siketi ndi kwa tsitsi, choncho ine sindinganyoze munthu wovala zomwe mtima wake wafuna.

Chinandiwawa ndi menyu.

Tchizi ndi nanazi zobaya pa timitengo. Mazira owiritsa, odula pakati n'kuthiramo mayonezi. Tisoseji tating'onoting'ono. Jele wofiira wokhala ndi zipatso m'kati. Ma cocktail a mayina oti lilime limachita kupunthwa. Zonsezi zithunzi zotapa pa Pinterest, mayi wachizungu atavala epuloni akumwetulira pambali pa filiji. Ndinalemba funso limodzi lokha: kodi 1958 imeneyi ndi ya ndani? Wina anayankha ndi kankhope koseka. Wina anati, "Aise, ndi pate chabe iyi, usatiyambitsire kalasi ya History." Chabwino. Ndiye ndabwera nazo kuno, poti pano admin ndine ndemwe.

Chakudya chimenecho chili ndi eni ake. Ndi cha ku America ndi ku Mangalande nkhondo yachiwiri itatha, pamene mabanja ambiri kumeneko ankagula filiji koyamba ndipo zam'chitini zinali zamakono. Jele sagwira popanda kuzizira, choncho kuika mbale ya Jell-O patebulo kunali kuuza alendo kuti m'nyumba muno muli filiji. Adzukulu awo akamachita phwando lotere amakhala akukumbukira khitchini ya agogo awo. Nanga ife tikukumbukira khitchini ya ndani?

Sindikunena kuti tebulo limenelo kuno kunalibe. Linalipo, ndipo ndikulidziwa bwino, chifukwa agogo anga aamuna, a kwathu ku Nsaru, anali khukhi wa mzungu wina wa fodya. Jele ankamudziwa kupanga, filiji yake ya palafini. Ankadziwa kudula masangweji a nkhaka opyapyala ngati pepala, kuchotsa makoko a buledi, kuyala mipeni ndi mafoloko mosasokoneza. Anali bambo wa ana anayi koma dzina lawo pa khonde paja linali "boyi". Zotsala m'mbale ankadyera kuseri, chiimire. Agogo aakazi, amene mpaka lero ali moyo ndipo lilime lawo silinakalambe, amanena kuti tsiku lina amuna awo anabwera ndi jele m'kachitini kuti ana alawe. Pofika kunyumba anali atasanduka madzi ofiira. Ana anamwa n'kufunsa ngati ali mankhwala a chifuwa.

Ndiye mukandiuza kuti ndivale malamba a m'mapewa, ndinyamule tambula ya cocktail ngati ndili mu 1958, ndiyenera kufunsa kuti ndikusewera ngati ndani. Munthu wa khungu langa m'chipinda chimenecho anali wonyamula thireyi. Kwa zaka zambiri za utsamunda lamulo linkaletsa munthu wakuda kugula mowa waukali wachizungu, kwinaku kachasu wa amayi athu ali woletsedwanso. M'masitolo ena a m'tauni wakuda ankagulira pawindo. Chikomekome cha mkuyu, abale, m'kati muli nyerere.

Ndipo zaka zimenezo kuno sizinali za madiresi a madontho. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakhazikitsidwa mu 1953 anthu akukana. Kamuzu anabwerera kumudzi pa 6 July 1958, ndipo pa 3 March 1959 boma linalengeza za ngozi n'kumanga anthu ambirimbiri. Kumidzi ya kwathu, kuyambira Mpingu, Namitete, kukwera Nsaru, Kabudula mpaka Nambuma, nkhani inali fodya wa chikopa ndi mitengo yake, yomwe inali m'manja mwa bungwe la atsamunda. Nkhani inali malamulo a malimidwe, munthu kulipitsidwa chindapusa chifukwa cha mizere ya m'munda mwake momwe. Nkhani inali msonkho, umene unkathamangitsa amuna kupita ku Halale ndi ku Joni, ena osabwerako, n'kusanduka matchona. Chipatala cha St Gabriel's ku Namitete chinayamba mu 1959. Ganizirani mayi woyembekezera wa ku Kabudula chaka chimenecho chisanafike, ndiye mundiuze za tchizi ndi nanazi.

Wina atha kunena kuti, ndiye ukufuna phwando la maliro? Ayi ndithu. Apa ndi pamene ndimakwiya kwambiri, chifukwa anthu amenewo ankasangalala, ndipo ankadya bwino kuposa mmene timaganizira. Ife tinangophunzitsidwa kuti zakale zathu ndi umphawi, zakale za ena ndi sitayilo.

Ndinawaimbira agogo pa foni ya mlamu wanga kuti andiuze zomwe zinkadyedwa pa ukwati ali mtsikana. Anayamba n'kundiseka kaye. "Amuna anga, mwayamba liti kufunsa za kumphika? Kapena mwapeza mkazi wina m'tauni?" Kenako anamasuka, mayunitsi mpaka kutha.

Nsima ya ufa woyera wa chimanga cha makolo, chokonola mumtondo, mphale n'kuviika masiku angapo, kutsuka, kusinja, kuyanika pamphasa. Akuti nsima yake inkanunkhira, osati za lero zongodzaza mimba. Mafuta ophikira kunalibe, ndiwo zinkakoma ndi nsinjiro: nkhwani wotendera, khwanya, chitambe, chisoso, bonongwe. M'chilimwe, masamba atauma, ankatsitsa chikwatu cha mfutso chomwe anafutsa nthawi ya dzinja. Filiji yawo inali imeneyo, dzuwa ndi masamba a msuku, yosadalira magetsi. Therere la denje ankathira chidulo chotcheza okha kuchokera ku phulusa la zitsononkho, soda wa m'sitolo asanafale. Chipere cha nyemba. Nzama zowiritsa. Futali wa mbatata kapena wa maungu. Nkhuku ya chikuda yophika m'mafuta ake omwe, mchere ndi tomato basi, ndipo ntchafu sinkapita kwa mwana. Pa nyengo yake ngumbi, mafulufute, mphalabungu, bowa wa kutchire, ndi mbewa zofutsa za anyamata osaka pambuyo pokolola. Zotsekemera zinali masuku, nthudza, matowo, misale, chifukwa shuga anali wa apo ndi apo. Kumbukirani kuti fakitale ya shuga ya ku Nchalo inayamba mu 1966.

Zakumwa ndiye musanene. Thobwa wa chimera cha mawere, wogona usiku umodzi n'kuwiritsidwanso m'mawa, womwera m'chikho. Masese a m'mbiya, amene ankatenga masiku angapo ndipo mayi wodziwa kufulula ankatchuka midzi itatu. Mowa umenewo unali ndi ntchito: ukafuna kuti munda wako ulimidwe tsiku limodzi, unkafulula mowa wa dima, mudzi wonse n'kubwera ndi makasu. Green uja mumamuyesa wamuyaya anabwera mochedwa, fakitale ya Carlsberg ku Blantyre inatsegulidwa mu 1968. Ndiye pa phwando la 1958 Green ndi mlendo wochokera m'tsogolo.

Ndipo ngati mukufuna sitayilo, inaliponso yathuyathu. Munthu akabwera kuchokera ku migodi ankatsika ndi sutikesi yachitsulo, jekete, njinga, galamafoni, ndipo mudzi unkadziwa kuti kwabwera munthu. Tiyi wa mkaka wa m'chitini, wotsekemera mpaka kumata milomo, ndi buledi wogula kwa mmwenye pa sitolo, zinali zinthu zoti ana ankasuzumira pazenera. Panali tiwayilesi tija ankatitcha Saucepan chifukwa tinkaoneka ngati sefuliya, tomwe tinayamba mu 1949, anthu n'kuzungulira kumvera Lusaka, komwe Alick Nkhata ankaimba. Retro yathu ndi imeneyo. Ili ndi kutchena, ili ndi nyimbo, ili ndi chisoni chake, ndipo sitinaibwereke kwa munthu.

Nditalemba zina mwa izi m'gulupu muja, mayi wa komiti anayankha mwaulemu kuti ndisadandaule, pakhala "local corner". Apa ndiye ndinapsa mtima kuposa poyamba. Ndaiona kangapo kona imeneyi m'maphwando a m'tauni. Katebulo kumapeto, pafupi ndi khomo la kuchimbudzi, chitenje choyala, lichero, timbewa tisanu pa kamtengo. Anthu amabwera, amanyamula mbewa pafupi ndi kamwa, amakwinya nkhope, chithunzi thwa, n'kuibwezera. Pa Instagram: "back to my roots". Phwando likatha zonse m'bini. Ndisanamizire kuyera, inenso ndinajambulitsapo chithunzi chotere zaka ziwiri zapitazo, ndipo chinapeza ma like ambiri kuposa ndakatulo iliyonse yomwe ndinalembapo pano. Ndinachifufuta tsiku limene mwana wa achemwali anga anawaonetsa agogo, iwo n'kufunsa kuti, "Nanga anadya?"

Chakudya cha anthu si chovala cha sewero. Mbewa imene mukuinyansidwa pa kamera ndi ndiwo ya lero kwa wina ku Nambuma. Gaga amene wina anafuna kuika pa menyu "kuti ziziseketsa" ndi amene anthu a m'midzi yomweyi ankalimbirana pa chigayo mu njala ya 2002, ena mwa ife tili ana, tikuona ndi maso. Pamenepo palibe choseketsa.

Komanso pali nkhani ya ndalama, yomwe a komiti sakonda kuimva. Bajeti ya phwandoli ndaiona. Gawo lalikulu likupita ku tchizi, mayonezi ndi mabotolo, zambiri zochokera kunja, m'dziko lomwe aliyense akudandaula za kusowa kwa forex. Pomwe mayi wa pa msika wa Nsaru amene amadziwa kufutsa masamba osawola, luso lomwe palibe aliyense m'gulupu muja ali nalo, tikamupeza timamunenerera mpaka atsitse mtengo wa kamulu, kenako tipemphenso basela. Wophika wa m'tauni akagula mfutso womwewo n'kuuika m'mbale yoyera, dzina n'kusintha kukhala "traditional platter", timalipira osatsutsa.

"Ndi pate chabe." Ndamva. Koma pa phwando ndi pamene timasankha tokha, popanda mphunzitsi kapena mayeso, zomwe tikuona kuti n'zokongola. Tikamasankha khonde la bwana nthawi zonse, n'kuika khitchini ya agogo pakona ya kuchimbudzi, ana athu akuona. Amene ankaphika mu 1958 atsala ochepa, ndipo Pinterest sadziwa kutcheza chidulo.

Ndiye ndawauza a komiti chomwe ine ndichite, poti kulalata kokha n'kosavuta. Ndalama yanga ya chopereka sindiponya ku tchizi. Loweruka ndikwera minibasi ya ku Nsaru. Ndikagula nsinjiro, mfutso, nzama ndi nkhuku zitatu za chikuda pa mtengo umene eni ake anene, osanenerera. Thobwa afulula ndi azakhali, ndipo ndiwalipira ngati mmene tikulipirira wa keke. Zonsezi zikakhala pa tebulo lalikulu, pakati, osati pakona. Tiyi wa mkaka wa m'chitini ndi buledi zikhalepo, kukumbukira obwera ku Joni ndi amene sanabwereko. Amene akufuna jele wake abweretse, sindimuletsa, koma ndidzaima n'kufotokoza za khukhi wa ku Nsaru ndi kachitini kake ka madzi ofiira, afune asafune.

Msuweni wanga, mwini phwando, wakhala chete masiku onsewa. Dzulo usiku ndi pamene ananditumizira uthenga kumbali, osati m'gulupu. Anati, "Iwe chitsiru, agogo amenewo ndi anganso. Ukawafunse ngati angakwere galimoto, ndidzawatenga ndekha."

Ndawafunsa m'mawa uno. Akuti abwera, koma thobwa wa azakhali sakumukhulupirira, chimera chake amachifulumizitsa. Afulula okha.