Mgwirizano wa Chourio: wapindula ndani?

Mu Disembala 2023, timu ya baseball ya Milwaukee Brewers ku America idapatsa Jackson Chourio mgwirizano wa zaka 8 wa $82 miliyoni, mnyamatayo asanasewereko ndi kamodzi komwe mu ligi yaikulu ya MLB.

Chourio, yemwe ntchito yake m'bwalo ndi kuwakha mipira yomenyedwera kutali, adabadwira ku Maracaibo m'dziko la Venezuela mu 2004. Brewers idamutenga mu 2021 ali ndi zaka 16, n'kumulera m'matimu ake ang'onoang'ono.

Nanga changu chonsechi chidali cha chiyani? Malamulo a MLB amalola wosewera kudzisankhira timu akakwanitsa zaka 6 mu ligiyo, ndipo apa m'pamene matimu olemera a ku New York ndi Los Angeles amakokera akatswiri kwawo. Brewers, yomwe thumba lake n'losaya, idam'manga msanga mtengo wake usanakwere.

Mu 2024, ali ndi zaka 20, Chourio adamenya ma home run 21. Akapitiriza chonchi, adzakhala atadzigulitsa motchipa. Koma akavulala kapena luso likazilala, ndalama zake adzalandirabe, ndipo wolira adzakhala Brewers.