KACHILOMBO KA HIV NDI NZERU ZA MUNTHU WA PA NTCHITO

Chiyambire 2004, pamene Boma linayamba kugawa mankhwala a ARV kwaulere, maliro anachepa m'masukulu ndi m'maofesi mwathu. Aphunzitsi ndi akalaliki amene tikadawaika m'manda akali pa ntchito kufikira lero, ndipo ena ameradi imvi. Koma tsono pabuka funso limene ambiri aopa kulitchula: kodi kachilomboka kachita chiyani ndi nzeru za munthu?

Madotolo anapeza kuti HIV ilowa mu ubongo m'masabata oyamba enieni, itabisala m'kati mwa asilikali a m'magazi. Kumeneko iutsa kutupa kumene kuvulaza minyewa yoganizira pang'onopang'ono. Makina a MRI, ojambula m'kati mwa mutu popanda mpeni, onga amene anaikidwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, aonetsa m'maiko ambiri kuti ubongo wa ena okhala ndi kachilomboka unafota pang'ono.

Ku America, kafukufuku wotchedwa CHARTER analengeza mu 2010 kuti mwa anthu 1,555 a HIV amene anayesedwa, pafupifupi theka anafooka pa mayeso a kukumbukira ndi kufulumira kuganiza. Chiwerengero ichi chiopsa, koma tichiwerenge bwino. Ambiri a iwo sanali kuona chovuta pa ntchito zawo, ndipo osokonezeka nzeru kwakukulu anali ngati 2 okha pa 100.

Chofunika koposa ndi ichi: kufota kuja kuoneka makamaka mwa amene CD4 yawo inatsika kwambiri asanayambe mankhwala. Iwo amene amwa mankhwala mokhulupirika, kachilombo nikagonja, pojambulidwanso patapita zaka 2 ubongo wawo sunaoneke kuti uli kuonongeka msanga kuposa wa anzawo opanda HIV. Kunena kwina, chimene makina aona kawirikawiri ndicho chipsera cha zaka zimene munthu anakhala osayezetsa.

Akuluakulu anati mmera mpoyamba. Kuyambira 2016 aliyense wopezeka ndi kachilomboka m'dziko muno ayamba mankhwala osadikira kuti CD4 itsike, ndipo mu 2019 Boma linabweretsa dolutegravir m'malo mwa efavirenz, amene anali kusautsa ena ndi chizungulire ndi maloto oipa. Khomo lili lotsegula. Mphunzitsi wozengereza kuyezetsa chifukwa cha manyazi aika pa chiswe chida chimene adyera, ndicho mutu wake.

Kwa inu akulu a masukulu ndi a maofesi titi: mukaona mnzanu wayamba kuiwala maina a ana kapena kusokeretsa makalata, musafulumire kumutcha waulesi, ndiponso musayambe kunong'onezana za magazi ake. Kuiwala kuli ndi magwero ambiri, monga nkhawa, kusowa tulo, mowa, kuthamanga kwa magazi ndi ukalamba womwe. Mlangizeni mwaulemu akaonane ndi dotolo.

Ndipo inu amene muli pa mankhwala, mukaona kuti mutu suli kugwira monga kale, nenani ku chipatala tsiku lolandira mankhwala, pakuti zambiri mwa zifukwa zimenezi zichizika. Dziko linataya aphunzitsi ochuluka m'zaka za m'ma 1990. Otsalawa tiwasamale.