Za M'nyumba: Chachilendo N'chiti, Choipa N'chiti?

Pa nkhani za m'nyumba anthu ambiri amaweruza ndi muyeso umodzi wokha. Amati chimene makolo ankachita n'chabwino, ndipo chimene sichinamvekepo m'mudzi ndi misala. Muyeso umenewu ngwosocheretsa, ndipo waika miyoyo yambiri pachiswe.

Ku Machinga ndi ku Balaka amayi ambiri apabanja amavala mikanda m'chiuno. Alipo amuna ena amene chilakolako chawo sichidzuka msanga popanda mikandayo, ndipo palibe amene amadabwa nazo, pakuti anankungwi amalangiza zomwezo. Komatu kwa zaka zambiri mabuku a madokotala ankati kukopeka kwambiri ndi chovala, monga nsapato kapena nsalu, ndi matenda a maganizo. M'chaka cha 2019 bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, linavomereza mndandanda watsopano wa matenda, ndipo khalidwe lotere linachotsedwamo. Ngati anthu awiri akuluakulu agwirizana, popanda wovulala kapena wovutika mumtima, palibe nthenda yoti ichizidwe.

Tsono zilipo zina zimene mudzi umaziyesa zoyenera pamene zikuwononga. M'midzi ina ya maboma awiriwa anamwali otuluka kusimba amauzidwa kuti akasase fumbi, ndiye kuti akagone ndi munthu, apo ayi khungu lidzatuwa. Limeneli ndi bodza. Zimene zimatsatira ndi mimba za paubwana, kusiya sukulu, chindoko, chinzonono ndi kachirombo ka HIV. Mtsikana amene chiuno chake sichinakhwime amavutika pobereka, ndipo ena amatsala ndi vuto la kudontha mkodzo. Nawonso mankhwala oumitsa kumaliseche, amene amayi ena amaika pofuna kusangalatsa amuna awo, amayambitsa timabala momwe kachirombo kamalowera mosavuta.

Malamulo a dziko amayang'ananso kuvulazako, osati kuzolowereka kwa mwambo. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 limaletsa miyambo yovulaza. M'chaka cha 2016 khoti linalamula Eric Aniva wa ku Nsanje, amene ankagwira ntchito ya ufisi, kukakhala kundende zaka ziwiri. M'chaka cha 2017 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana.

Chinamwali chophunzitsa ulemu ndi ukhondo n'chofunika kusungidwa. Koma mafumu, anankungwi ndi makolo ayenera kufunsa mafunso atatu pa mwambo uliwonse. Kodi onse awiri ndi akuluakulu? Kodi onse avomera mosakakamizidwa? Kodi palibe amene avulale?

Mwana kapena mayi amene wakakamizidwa kugonana afulumire naye kuchipatala asanathe maola 72, pakuti alipo mankhwala oteteza ku HIV amene amagwira ntchito akayambidwa m'nthawi imeneyi. Banja limene lili ndi nkhawa pa za m'nyumba lisachite manyazi kufunsa anamwino, kaya ku chipatala cha boma ku Liwonde, ku Balaka kapena ku chipatala chaching'ono chapafupi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.