ZA M'MINDA MWATHU: Kukumba Dziwe pa Dambo

Wolemba: Mlangizi wa Malimidwe, Chiradzulu Boma

Sabata yatha ndinali kuyendera madimba a m'mbali mwa mtsinje wa Mombezi, ndipo mkulu wina anandionetsa dzenje limene ana ake anaumbamo njerwa. Linali lodzaza ndi madzi. Iwo anati, "Alangizi, kodi nditaponya nsomba muno sizingakule?" Nditawerama ndinaona mphutsi za udzudzu zosawerengeka, ndi nkhono zitamatirira pa udzu. Ndinati, "Bambo, ichi ndi chithaphwi chabe. Dziwe lili ndi makumbidwe ake." Popeza mvula yatha ndipo chimanga chalowa m'nkhokwe, ino ndiyo nyengo yokumba, tsono mverani.

Poyamba sankhani malo pa dambo kapena kunsi kwa kasupe, pamene madzi saphwa ngakhale mu October. Koma musatseke mtsinje weniweni, ayi. Tonse tikumbukira namondwe wa Freddy m'mwezi wa March 2023, mmene madzi ndi matope anatsika m'phiri ndi kukokolola mudzi wa Ntauchira kwa Mfumu Likoswe. Khoma la dothi silingaime pamaso pa madzi otere. Ngakhale mvula ya chaka ndi chaka ikhoza kuligumula, ndipo likagumuka lipita ndi dimba la mnzanu wa kunsi, mlandu n'kufika kwa amfumu. Kumbani pambali, ndipo madzi muwatenge ndi ngalande yaing'ono imene mukhoza kutseka mtsinje ukadzaza.

Dothi nalo muliyese. Tengani lonyowa la pansi pa dzenje, muumbe ngati mpira, muponye m'mwamba ndi kuwakha. Likapanda kusweka ndiye kuti ndi dongo, lidzasunga madzi. Likamwazika ndi mchenga, musataye thukuta lanu pamenepo.

Dziwe la mamita 10 m'lifupi ndi 20 m'litali likwanira banja limodzi. Kumtunda madzi afike m'ntchafu za munthu wamkulu, kunsi afike pachifuwa. Apa ndipo ambiri alakwa, pakuti khasu likalema iwo amati, "Basi pakwana." Madzi osaya amera udzu, ndipo m'udzumo ndimo mubisala nkhono ndi ana a udzudzu. Dothi lokumbalo mumangire khoma, mulitsindire pang'onopang'ono lili lonyowa, ndi kubzalapo vetiva kapena kapinga. Chapamwamba pa khoma muike paipi kapena nsungwi yoboola, yokhala ndi sefa, kuti madzi osefukira atuluke osatenga nsomba.

Nsomba zoyenera ndi makumba ndi chilunguni. Za mbewu yake funsani alangizi a za nsomba, pakuti ku Domasi, m'boma la Zomba, ntchito yoweta nsombazi inayamba kale m'zaka za m'ma 1950. M'dziwe lotere muike nsomba 400 kufikira 600. Muzizipatsa madeya, ndi kuthira manyowa a nkhuku kapena a mbuzi kufikira madzi abiriwire. Mukamiza mkono mpaka pachigongono chikhato n'kusaoneka, manyowa akwana. Pakapita miyezi 6 mukhoza kuyamba kudya ndiwo.

Tsono pali alendo amene adzabwera osaitanidwa, ndipo za iwowa ndifuna ndinenepo, chifukwa anyamata athu chilichonse chouluka amachithamangira ndi legeni. Oyamba kufika ndi achule. Usiku amatuluka kukasaka tizilombo m'dimba mwanu, osalipidwa kanthu. Atombolombo amagwira udzudzu m'mwamba, ndipo ana awo okhala m'madzi amadya mphutsi zake, monganso zichitira nsomba zazing'ono. N'chifukwa chake dziwe lokhala ndi zamoyo silibala udzudzu wambiri monga dzenje la njerwa lija. Njuchi zimabwera kudzamwa nthawi yotentha, ndipo pobwerera zimadzera m'maluwa a maungu anu. Njiwa, akakowa ndi nantchengwa nazonso zidzatera. Nantchengwa adzatolako achule ndi tinsomba tingapo. Ine ndiona kuti msonkho wake ndi wochepa, mlekeni. Siyani chitsamba chimodzi kapena ziwiri chapatali pang'ono kuti mbalame zipeze pokhala, koma m'mphepete mwa madzi muzilambula.

Mbala zenizeni ndi katumbu ndi ng'azi. Katumbu akazolowera akhoza kukutherani nsomba. Mankhwala ake ndi mpanda wa nsungwi wothithikana, wozikidwa bwino pansi. Mpanda womwewo uletsa mbuzi kugumula khoma, ndiponso uletsa ana, pakuti madzi ofika pachifuwa cha bambo amiza mwana woyenda dede.

Likodzo musaliiwale. Mazira ake amatuluka ndi mkodzo wa munthu wodwala, tizilombo take timakulira m'nkhono, kenaka timalowa pakhungu la wina woponda m'madzimo. Kotero pa dziwe pasakhale posambira kapena pokodzera, ndipo mwana wokodza magazi mupite naye kuchipatala msanga.

Mkulu uja tinapangana kuti akwirire dzenje la njerwa, ndipo malo a dziwe tinawapeza kunsi kwa dimba lake. Ena ofuna kuti tidzawayezere malo auze amfumu awo, ndipo tsikulo akonzeretu chingwe, zikhomo ndi makasu.